Kope la kafukufuku wanga wa chaka chomaliza: miyezi inayi pa benchi la ku Leba

12 Febuluwale 2024

Ndayamba kope ili chifukwa aphunzitsi ondiyang'anira anena kuti wophunzira amene salemba zomwe wachita sabata iliyonse amadzadzidzimuka mu Meyi alibe kalikonse m'manja. Ndili chaka chachinayi. Digiri yanga ndi ya kasamalidwe ka anthu ogwira ntchito, ndipo mbali imene ndasankha kuzamapo ndi ya ubale wa olemba ntchito ndi olembedwa ntchito. Kumudzi akandifunsa zimene ndimaphunzira ndimangoti "za ku Leba", apo ayi kufotokoza kwake kumatalika. Amalume anga amati ndikuphunzira kuchotsa anthu ntchito. Sakunama kwenikweni, poti anzanga ambiri m'kalasi mwathu maso awo ali pa mpando wa HR, woyang'anira antchito pa kampani.

Mutu umene ndinapereka lero ndi wa mabungwe a apantchito ndi sitalaka m'Malawi kuchokera 1992 kufika pano. Chaka chimenecho chimandikoka mtima. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma, mu Epulo a Chakufwa Chihana, omwe anali mlembi wamkulu wa SATUCC, bungwe logwirizanitsa mabungwe a apantchito a m'mayiko a kummwera kwa Africa, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu Meyi ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto n'kufalikira m'makampani ena. Anthu anafa m'misewu. Pofika pa 14 Juni 1993 dziko linali likuvota pa riferendamu.

Aphunzitsi anawerenga tsamba loyamba lokha, n'kuvula magalasi. "Chemwali, mutu uwu ndi wa munthu amene ali ndi zaka zinayi komanso ndalama zoyendera. Inu muli ndi miyezi inayi ndi ya minibasi. Kapezeni funso limene mungaliyankhe muli pamalo amodzi."

Ndatuluka nditakwiya.

21 Febuluwale

Mkwiyo watha. Mutu watsopano wavomerezedwa: chimachitika n'chiyani munthu wochotsedwa ntchito akakadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, nkhani isanafike kukhoti?

Sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga malamulo enieniwo, osati manotsi a m'kalasi. Ndikuchita manyazi kuvomera kuti zaka zitatu ndakhala ndikukhoza mayeso a phunziroli ndisanawerengepo Employment Act, lamulo la zantchito la 2000, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Muzu wa zonse ndi gawo 31 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, limene limapatsa munthu ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa, wolandira malipiro oyenera ndi wolowa bungwe la apantchito. Kenaka pali Labour Relations Act ya 1996, ya mabungwe, zokambirana ndi sitalaka. Koma kafukufuku wanga wakhazikika pa magawo ochepa a lamulo la 2000.

Gawo 57 lili ndi miyendo iwiri. Woyamba, munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, luso lake kapena kayendedwe ka kampani. Wachiwiri, ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena luso, ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Gawo 61 limati udindo wosonyeza chifukwa uli pa wolemba ntchito. Gawo 62 limapatsa wochotsedwa miyezi itatu yokadandaulira kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake, ndipo mkuluyo akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizo m'mwezi umodzi, nkhani itha kupita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito.

M'kalasi tinaloweza chithunzi chimene katswiri wa ku America John Dunlop anapereka mu 1958, choti ubale wa pantchito uli ndi mbali zitatu: boma, olemba ntchito, ndi ogwira ntchito pamodzi ndi mabungwe awo. Kuno kwathu timangoikapo maina: unduna wa zantchito, ECAM ya olemba ntchito, ndi MCTU, likulu la mabungwe a apantchito. Pa bolodi zimaoneka bwino ngati mafuwa atatu. Ndikufuna ndikaone ngati mphika wa mlonda umakhaladi pa mafuwa amenewo.

1 Malichi

Kalata yondiloleza yatuluka ku sukulu, ya ku ofesi ya zantchito sinatuluke. Ndapitako kawiri. Ofesiyo sindiitchula dzina m'kope lino ngakhale mu lipoti, tinagwirizana choncho.

Podikira ndamasulira mafunso anga m'Chichewa, n'kuwayesa pa amayi ogulitsa mandasi pageti omwe kale ankagwira ntchito m'sitolo. Funso langa loyamba linali lakuti, "Kodi munachotsedwa ntchito liti?" Iwo anati, "Ine sanandichotse. Anangoti ndipume kaye, adzandiimbira." Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Anati chaka chatha, nyengo yokolola.

Funso limenelo ndalifufuta. Tsopano ndikufunsa kuti, "Tsiku lomaliza kugwira ntchito linali liti, ndipo anakuuzani mawu otani?" Ndaonjezeranso lina: "Munadikira nthawi yaitali bwanji musanaganize zopita ku Leba?" Miyezi itatu ya gawo 62 ija imatha munthu akuyang'ana foni.

11 Malichi

Tsiku loyamba.

Ndinafika 7 koloko isanakwane ndikuganiza kuti ndalawira. Benchi la pakhonde linali litadzaza kale, ena atakhala pa mizu ya mtengo. Pafupifupi aliyense anali ndi jumbo kapena envulopu yakuda ndi thukuta. Mkulu wa ofesi anandidziwitsa kwa anthu kuti ndine mwana wasukulu, si loya ndipo si wa boma, ndipo amene sakufuna kucheza nane asaope kukana. Atatu anakana pomwepo. Mayi wina anati, "Mukangolemba dzina langa, mawa likhala pa tebulo la abwana." Ndinawaonetsa kuti pa fomu yanga palibe malo a dzina, koma sanasinthe maganizo, ndipo sindinawakakamize.

Woyamba kuvomera anali bambo wachikulire, mlonda, amene m'kope lino ndizimutchula kuti Nambala 1. Anagwira ntchito pa malo ena osungira katundu kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Usiku wina kunasowa mabatire awiri a galimoto. M'mawa mwake kapitawo anawapeza pageti n'kuwauza kuti asiye yunifomu ndi tochi, azipita.

Anatsegula jumbo yawo n'kuyala zonse pa bondo: chiphaso cha unzika, kachithunzi atavala yunifomu, kope lakale la mwana wasukulu momwe ankalembamo tsiku lililonse limene analandira malipiro, ndi kapepala ka kuchipatala kosakhudzana ndi nkhaniyi n'komwe. Kalata yowalemba ntchito panalibe. Kalata yowachotsa panalibe. Pepala la malipiro sanalandirepo, ankangosaina m'buku la abwana, bukulo n'kutsala komweko.

Ndinawafunsa chimene akufuna kuti a Leba awachitire. Ndinkayembekeza kumva za ndalama, ndipo pa fomu ndinali nditakonzeratu kabokosi ka ndalama. Iwo anati, "Mwana wanga, zaka seveni ndikugona panja, udzudzu ukundidya, katundu wawo osasowa ngakhale msomali. Tsiku limodzi lokha, osandifunsa n'komwe kuti bambo, kodi usiku kunachitika chiyani? Ndikanawauza kuti 2 koloko kunabwera dalaivala ndi kiyi. Sanandifunse."

Ndinalemba mawu akuti "sanandifunse" pambali pa fomu, poti kabokosi kake panalibe. Pofika madzulo ndinali nditawalemba kanayi.

Ofesiyo payokha: zipinda ziwiri, mafayilo omangidwa ndi zingwe mpaka pawindo, maofesala ochepa kuyerekeza ndi anthu a pakhonde. Njira yake ndi yakuti wodandaula amafotokoza, ofesala amalemba kalata yoitana wolemba ntchito, ndipo kawirikawiri kalatayo amakapereka ndi wodandaula yemweyo. Ndiye kuti munthu amene anathamangitsidwa pageti abwerere pageti lomwelo ndi envulopu m'manja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitseko chinachi chili ndi agalu.

19 Malichi

Ndalakwitsa masamu, mwamwayi pamaso pa ofesala, osati pamaso pa wodandaula.

Ofesala wina, mayi wodekha amene wakhala pa ntchitoyi nthawi yaitali, anandipatsa nkhani yofanana ndi ya Nambala 1 kuti ndiyesere kuwerengera: zaka zisanu ndi ziwiri, malipiro K90,000 pamwezi, omwe anali malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa kuyambira Febuluwale 2024 kuchoka pa K50,000. Patsiku ndi K3,461.54, pa sabata ya masiku asanu ndi limodzi ndi K20,769.

Ndalama ya severance, imene wochotsedwa ntchito amapatsidwa malinga ndi zaka zimene wagwira, ndinaiwerengera masabata atatu pa chaka chilichonse, n'kupeza masabata 21. Mayiwo anaseka pang'ono. "Mwawapatsa zambiri, abwana awo akanakudyani wamoyo." Ndondomeko yake imakwera ngati masitepe: zaka zisanu zoyamba ndi masabata awiri pa chaka, kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi ndi masabata atatu, kupitirira apo anayi. Ndiye 10 kuphatikiza 6, masabata 16, pafupifupi K332,000.

Chipukutamisozi cha gawo 63 chimawerengedwa mwina. Amene wagwira zaka zoposa zisanu koma zosapitirira khumi, chochepetsetsa ndi masabata awiri pa chaka chilichonse, apa masabata 14, pafupifupi K291,000, ndipo khoti likhoza kupereka zoposa apo. Kuonjezera notisi ya mwezi umodzi, K90,000, ndi tchuthi cha chaka chimodzi chimene sanapite, masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, pafupifupi K62,000.

Chinanso chimene ndinali nditasokoneza: chisinthireni lamulo mu 2010, severance si ya aliyense amene wasiya ntchito. Ndi ya amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa anthu kapena yagwa m'mavuto a zachuma, kapena amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Anthu ambiri pa benchi amaitchula kuti "za zaka zanga" ndipo amakhulupirira kuti ndi zawo zivute zitani. Kuwafotokozera kusiyana kwake ndi ntchito imene maofesala amagwira kangapo patsiku, ndipo palibe amene amachoka akumwetulira.

27 Malichi

Sabata yoipa. Magetsi anazima masiku awiri motsatizana nthawi ya madzulo, laputopu yanga batire yake inafa kale. Foni inadzaza ndili pakati pocheza ndi Nambala 9, theka la zokambirana silinajambulike. Ndalemba zomwe ndikukumbukira, koma ndaika chizindikiro kuti si mawu ake enieni. Mutu wachiwiri sindinaugwire.

Ocheza nawo afika 11.

9 Epulo

Lero andilola kukhala m'chipinda pamene amayanjanitsa anthu, mbali zonse zitavomera. Ndinakhala pakona, kope pa miyendo, pakamwa potseka.

Wodandaula anali mtsikana wantchito wapakhomo, mwina wamng'ono kwa ine. Wodandaulidwa anali mayi wovala bwino, wogwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, amene anafika mochedwa ndi ola lathunthu ndipo analowa akuyankha foni. Mtsikanayo anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, ndipo nthawi yonseyi ankawatchula kuti "amayi".

Nkhani yake: zaka zitatu pakhomopo, kuphika, kuchapa, kulera ana awiri. Anapempha kupita kumudzi kumaliro a azakhali ake, anapatsidwa masiku atatu, anabwera tsiku lachisanu chifukwa mlatho unakokoloka ndipo magalimoto sankadutsa. Anapeza katundu wake ali m'thumba pakhonde, mtsikana wina ali kale kukhitchini.

Mayiwo sanakane chilichonse. Chimene chinawapweteka n'chakuti aitanidwa ku Leba. "Mwana uyu ndinamutenga ngati wanga. Amadya chomwe timadya, zovala ndimamupatsa, atadwala malungo ndinamutengera kuchipatala cholipira ndi ndalama zanga. Lero akundisumira?"

Ofesala anawasiya amalize. Kenaka anafunsa mofatsa, "Mayi, atabwera tsiku lachisanulo, munakhala naye pansi kumufunsa chimene chinamuchedwetsa?"

"Ndikanamufunsa chiyani? Ine ndimagwira ntchito, ana ndikanawasiya ndi ndani?"

"Funso lanu ndi lomveka. Koma munamufunsa?"

Chete.

Ndaganizira kwambiri mawu akuti "ngati mwana wanga". M'mabuku athu muli maganizo akuti pantchito ndi banja limodzi, bwana ndi kholo, ndipo wodandaula ndi wosokoneza. Tinkawaphunzira ngati nzeru za m'mafakitale a ku Ulaya. Lero ndawamva m'Chichewa chenicheni, kuchokera kwa munthu amene sindikukhulupirira kuti ndi woipa mtima. Vuto lake n'lakuti mwana sapatsidwa notisi, sawerengeredwa tchuthi, ndipo akalakwa safunsidwa mbali yake. Ubale ukakoma ndi mwana, ukaipa ndi wantchito wopanda pepala.

Za pepalazo ndapezanso china. Gawo 27 limalamula wolemba ntchito kupereka kalata yofotokoza malipiro, maola ndi zina pasanathe mwezi munthu atayamba ntchito, koma limakhudza amene ali ndi antchito osachepera asanu. Wantchito wapakhomo, wa m'kagolosale, wa pachigayo, onsewa amagwa kunja. Malipiro ochepetsetsa a wantchito wapakhomo nawonso amaikidwa padera, ndipo ndi otsika kuposa a ena onse.

Anagwirizana kuti mayiwo alipire notisi ndi masiku a tchuthi, m'magawo awiri. Za chipukutamisozi ofesala anafotokoza kuti mtsikanayo ali ndi ufulu wopita nazo kukhoti. Iye anapukusa mutu. Panja ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Achemwali, ndikugona kwa mnzanga. Ya minibasi yobwerera kuno ndachita kubwereka. Khotilo ndidzadya chiyani podikira?" Atatero anaonjeza kuti chomwe chamusangalatsa n'chakuti amayi amva za mlatho uja.

17 Epulo

Aphunzitsi anandichenjeza kuti lipoti lomva mbali imodzi likhala likuchita zomwezo zimene likudzudzula. Zinandilasa. Ndiye sabata ino ndacheza ndi olemba ntchito anayi: eni masitolo awiri, mwini malo odyera, ndi mkulu wa HR pa kampani ina yokulirapo.

Eni masitolowo lamulo salidziwa, ndipo sakunamizira. Mmodzi anadabwa kumva kuti ngakhale wantchito wagwidwa ndi katundu m'thumba, ndi bwino kumuitana, kumuuza mlandu wake, kumumva, n'kulemba zomwe zakambidwa. "Wakuba ndimupatsenso mpando?" Anadandaulanso za kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, kenaka malipiro n'kukwera mu Febuluwale. Anati anali ndi anyamata asanu, watsala ndi atatu. Sindinamufunse mmene awiriwo anachokera. Ndikanayenera kufunsa.

Wa HR uja ndiye anandiopsa, chifukwa amadziwa zonse. Magawo amawatchula pamtima kuposa ine. Anandifotokozera mosabisa kuti anthu a ntchito zamanja amawapatsa makontirakiti a miyezi yochepa, ikatha amapuma sabata ziwiri, n'kusainanso. Ndinamukumbutsa gawo 28, limene limati kontirakiti ya nthawi yochepa ikakhala yongodzaza malo a ntchito yokhazikika, imatengedwa ngati yopanda malire. Anamwetulira. "Mwawerenga bwino. Ndiye ndani wa iwo akapite nazo kukhoti?" Za penshoni, 10 peresenti ya wolemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito, anati amapereka mosaphonya kwa "okhazikika".

Anamaliza digiri ngati yangayi zaka zingapo zapitazo. Potsazikana anandiuza kuti ndikamaliza ndidzatumize CV.

1 Meyi

Tsiku la apantchito, ndili kumudzi. Pa wailesi akuulutsa zolankhula za akuluakulu a mabungwe ndi a boma. Palibe mmodzi mwa anthu 19 amene ndacheza nawo pa benchi yemwe ali m'bungwe lililonse. Lamulo la 1996 limati bungwe likakhala ndi mamembala okwana 20 peresenti ya antchito pamalo, wolemba ntchito ayenera kukambirana nalo. Izi zimagwira kwa aphunzitsi a m'bungwe lawo la TUM, kwa ogwira ntchito m'boma, ndi m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje komwe kuli PAWU, bungwe la ogwira ntchito m'maesiteti. Koma 20 peresenti ya mtsikana mmodzi wa kukhitchini ndi chiyani? Fuwa lachitatu lija pa benchi palibe.

Madzulo ndinakhala ndi amalume pakhonde tikukazinga chimanga. Anayamba ndi nthabwala yawo ija, kenaka anafunsa zenizeni zimene ndikuchita. Nditawafotokozera za Nambala 1 anakhala chete, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitini chakale cha mabisiketi. M'katimo munali mapepala a agogo aamuna, omwe anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo anabwerera kwawo ulendo womaliza boma litaletsa kulemba anthu kutsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Pansi pa mapepalawo panali kalata ya amalume eni ake, ya mizere itatu, yowachotsa ntchito pa esiteti ina ine ndisanabadwe.

"Anati ndinatukwana kapitawo. Ine sindinatukwane munthu. Ndinangofunsa chifukwa chimene sikelo yawo inkadyera makilo athu."

"Munakadandaula kuti, amalume?"

"Kudandaula? Nthawi imeneyo? Iwe mwana iwe."

Zaka zonsezi ndimadya nawo nsima, nkhaniyi sindinaimvepo. Ndinawauza za Clements Kadalie, mnyamata wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, chaka chomwe ILO, bungwe loona zantchito padziko lonse, inakhazikitsidwa. Anati dzinalo analimvapo kwa agogo. Kenaka anabweza kalata ija m'chitini, n'kunena kuti chimanga chikupserera.

Sindingaike amalume mu lipoti, si mbali ya anthu amene ndinaloledwa kucheza nawo. Ndawaika muno.

8 Meyi

Ndapita kukaonerera milandu ku Industrial Relations Court, tsiku limodzi lokha, kuti ndione kumene msewu wa pa benchi umathera. Khotili lili pansi pa High Court ndipo limapezeka m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kale wapampando ankakhala ndi nthumwi ya olemba ntchito ndi ya apantchito pozenga mlandu, koma kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunachotsa nthumwizo. Kusintha komweko n'kumene kunalola wolemba ntchito kudula malipiro a amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pachaka. Chaka chomwechonso lamulo la 2000 linasinthidwa: utenanti wa m'minda unaletsedwa, ndipo abambo anapatsidwa tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa.

Chimene ndinaona n'chakuti ambiri ofika kumeneko ndi ovala mataye, okhala ndi mafayilo okhuthala, ena ndi maloya. Funso limene linkabwerezedwa linali lomwe lija la mayi ofesala: munamuitana, munamuuza mlandu, munamumva, zolemba zake zili kuti?

Mutu wachiwiri wabwerako ndi inki yofiira. Masamba asanu ndi limodzi a mbiri, kuyambira thangata ndi John Chilembwe mu 1915 mpaka 1992, aphunzitsi awadula n'kusiya tsamba limodzi ndi theka. Pambali alemba kuti, "Zokoma, koma sizikuyankha funso lanu." Ndasunga masambawo mu fayilo ina. Mtima sukulola kuwataya.

20 Meyi

Ndasiya kucheza ndi anthu, onse pamodzi akwana 22 odandaula, olemba ntchito anayi ndi maofesala awiri. Masiku asanu apitawa ndakhala ndikudula mapepala ndi lumo n'kuwaunjika pa mphasa malinga ndi zimene anthu ananena, chifukwa pulogalamu ya pa kompyuta imene anzanga akugwiritsa ntchito laputopu yanga ikuikana. Mnzanga wogona naye chipinda akuti ndikuoneka ngati wosankha nyemba.

Mulu waukulu kuposa yonse ndi wa "sanandifunse". Wachiwiri ndi wa opanda pepala lililonse. Wachitatu ndi wa amene analandira zochepa kuposa zimene lamulo likanawapatsa chifukwa sakanatha kudikira. Miyuluyi ikulumikizana: amene sanafunsidwe alibe kalata yomuchotsa, wopanda kalata amachedwa kudziwa kuti wachotsedwa, wochedwa amafika ku Leba m'thumba muli mbee, ndipo wotero amavomera chilichonse chimene chaikidwa pa tebulo.

Ndinalemba m'mutu wachinayi kuti "ogwira ntchito m'Malawi amafuna kumvedwa kuposa ndalama". Aphunzitsi anazunguliza chiganizocho kawiri. "Anthu 22 a pa benchi limodzi si ogwira ntchito m'Malawi. Ndiponso mwacheza ndi amene anafika ku Leba. Amene sanafike, ngati mayi wanu wa mandasi uja, mwawamva?" Anapitiriza kuti munthu wanjala akanena kuti ndalama si kanthu pamaso pa mtsikana wa ku yunivesite wonyamula kope, mwina akudzisungira ulemu. Mfundo imeneyo sindinaiganizepo, ndipo yandisowetsa tulo. Nambala 1 ananena zoona, sindikukayika. Koma ndalama ankazifunanso, ali ndi zidzukulu ziwiri pasukulu.

Ndasintha chiganizocho. Tsopano chikuti mwa anthu amene ndinacheza nawo, kusafunsidwa ndiko kunatchulidwa koyamba ndiponso kawirikawiri, ndipo n'kumenenso lamulo limaimira kumbali yawo mosapita m'mbali, ngakhale ambiri sankadziwa.

29 Meyi

Mitu yonse isanu yapita kwa aphunzitsi. Zotsala: kukonza mndandanda wa mabuku, kusindikiza makope atatu, kukonzekera kukaima pamaso pa aphunzitsi atatu mwezi wamawa.

Kumapeto kwa lipoti ndaikako tsamba limodzi la m'Chichewa, lopanda mawu a maloya. Mbali yakumaso ndi ya wantchito: lembani tsiku limene munayamba, lembani malipiro aliwonse m'kope ngati mmene ankachitira Nambala 1, akakuuzani kuti mupume kaye funsani tsiku lobwerera, musadikire kupitirira miyezi itatu. Mbali yakuseri ndi ya wolemba ntchito: muitaneni, muuzeni mlandu, mumveni, lembani, ndipo zomwe ali nazo kwa inu mumulipire pasanathe masiku asanu ndi awiri. Mayi ofesala aja analiwerenga n'kukonza mawu awiri. Apempha makope oti aike pakhonde, ndiye ndikufunika K6,000 ina ya fotokope imene sindinaiike mu bajeti.

Ndinapita kukawatsazika dzulo. Nambala 1 anali pa benchi, jumbo yomwe ija pa bondo. Abwana awo sanabwere pa kuitana koyamba ndi kwachiwiri, ulendo uno anatumiza kapitawo kudzanena kuti ali ku Lilongwe. Ofesala wawalembera kalata yopita nayo kukhoti. Anandionetsa, n'kundipempha ndiwawerengere pang'onopang'ono chifukwa magalasi anaiwala kunyumba. Nditamaliza anaipinda kanayi, n'kuilowetsa pakati pa kope la malipiro lija.

"Kumeneko akandifunsa za dalaivala uja?"

Ndinati akawafunsa.

CV ija sindinatumize, komanso sindinaifufute. Lachisanu ndikatenge ndemanga za mutu wachisanu, 10 koloko.